Mkuyu wa pa Laputopu

Amalume anga ali ndi shopu ya hadiweya: misomali, malata, penti, simenti. Kwa zaka zambiri bizinesi yonse inkagona m'kope lachikuto cholimba, lija lili ndi banga la mafuta a mandasi pakona. Chaka chatha ine, wophunzira wa pabanjapo, ndinawaikira dashboard pa laputopu. Kwa inu amene simunaione, ndi tsamba limodzi pomwe pulogalamu imasonkhanitsa manambala a bizinesi n'kuwajambula: mzere wa malonda ukukwera phiri, phindu lili lozungulira lodulidwadulidwa ngati chigumu, kobiriwira pomwe zikuyenda, kofiira pomwe zavuta.

Amalume anayang'ana, anavala magalasi, anayang'ananso.

"Yakongola," anatero. "Koma iwe, ikuti simenti yatsala matumba 40. Tapita kuseriko ukawerenge."

Ndinapeza 11.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo nyererezo tinazitulutsa imodziimodzi. Matumba ena anatenga pangongole mmisiri wina womanga nyumba, ndipo ngongoleyo inalembedwa m'kope, pakuti ngongole ya munthu wodziwana naye siipita m'makina. Ena anapita kumudzi kukamangira chiliza cha agogo, ndipo ndani angalembe agogo ake ngati kasitomala? Otsalawo anasochezedwa ndi mnyamata wogulitsa, amene Lolemba ankalemba "simenti", Lachitatu "sementi", pulogalamu n'kumayesa kuti ndi katundu wamitundu iwiri. Kunama ayi, sinaname. Inangodzola mafuta zomwe tinaipatsa.

Chondiseketsa n'chakuti mikuyu imeneyi kunjaku imagulidwa ndalama zoti ukamva umayamba wakhala pansi. Mu 2019 Salesforce inagula Tableau pa madola 15.7 biliyoni, ndipo chaka chomwecho Google inalengeza kuti ikugula Looker pa madola 2.6 biliyoni. Microsoft nayo ili ndi Power BI. Njovu zitatu pansi pa mtengo umodzi! Ndiye taganizani kakampani ka anyamata anayi kamene kapanga dashboard yakeyake kuti kazigulitsa kwa eni mashopu. Google ikugawa Looker Studio ulele. Nkhuyu uzigulitsa bwanji pamsika pomwe woyandikana naye benchi akungoti tengani? Pambalipo pakhala nkhalamba Excel, yobadwa mu 1985, yomwe akalaliki onse anaizolowera ngati mpando wawo.

Za mtengo ndinayesa kuwafotokozera amalume mwaulemu. Ndinati mapulogalamu oterewa ambiri salipiridwa kamodzi ngati wilibala, amalipiridwa mwezi ndi mwezi, munthu aliyense wowagwiritsa ntchito payekha. Power BI Pro, mwachitsanzo, inakwera kuchoka pa madola 10 kufika pa 14 mu 2025.

"Madola?" anafunsa. "Ine wogulitsa misomali pa sikelo?"

Sanaiwale kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malata n'kusintha mtengo ali pashelefu pomwepo.

Ine ndinaona kuti mdani weniweni wa mapulogalamuwa pa shopu ngati yathu si njovu inzake, ndi kope lija. Silifuna bandulo. Magetsi akathima limawerengeka ndi tochi ya foni. Lilinso ndi ulemu: pa dzina la alamu pali kanyenyezi kotanthauza kuti awa osawakumbutsa ngongole pagulu. Dashboard yanga inawaika alamuwo pamwamba penipeni, ndi zilembo zofiira, tsiku lomwe anabwera kudzacheza n'kuima kuseri kwa kauntala. Tiyi sanamalize.

Amene adzadye ndalama ya amalume si wamitundu yowala kwambiri. Ndi amene adzachotse ntchito yolemba kawiri, kuti kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba nambala izilowa yokha, thumba likatuluka pakhomo lizichoka lokha pa chiwerengero, ndipo alole kulipidwa m'makwacha. Zojambulazo n'zosavuta, aliyense akuzitha. Chovuta ndi kutola nyerere, ntchito yomwe otsatsa malonda saionetsa pa zithunzi zawo.

Laputopu ikadali pakauntala. Amalume amaitsegula akabwera alendo olemekezeka, makamaka a ku banki, ndipo madzulo adzukulu amaonerapo mpira. Kope lija linadzaza, anagula lina. Simenti, malinga ndi dashboard, ikadali matumba 40.