Katswiri wa madzi pa Dziwe la Nkhalamba

Ku Ndirande kuno aliyense amadziwa kuti ine ndimatha kusambira. Amadziwa chifukwa ndinawauza ndekha. Mayi a kunyumba ndinawauza tili pa chibwenzi kuti ndinakulira m'madzi, ndipo silinali bodza lenileni: ndinakulira mumtsinje wa Nasolo, malo amene madzi ankalekeza m'mawondo.

Ndiye amayi a kumpingo atakonza ulendo wa tsiku limodzi wa ku Mulanje, dzina langa linalembedwa ine osafunsidwa. "Abambo apite nawo, ana akamakasambira pakhale munthu wodziwa madzi," anatero mayi pamaso pa gulu. Ndinavomera ndi mutu, poti kukhosi kunali gwa.

Tinanyamuka m'bandakucha, kudzera ku Limbe, n'kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, tiyi yemweyu timamwa wopanda mkaka mwezi ukafika pakati. Pa Chitakale tinakhotera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pomwe anyamata operekeza alendo amadikirira. Wathu anatilozera phiri n'kunena kuti nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibenso malo ena okwera chotere m'Malawi muno. Anatinso anzake onyamula katundu amachita mpikisano chaka ndi chaka, kukwera phirilo chothamanga n'kutsikanso. Ine ndinati zimenezo n'zabwino, achinyamata azitero.

"Kudziweko ndi pafupi, achikulire," anatero.

Abale, munthu wa ku Mulanje akati pafupi, mufunseni kuti wayeza ndi miyendo ya ndani. Ine ndinali nditavala nsapato zosongoka za ku ukwati, ndipo pokhala bambo mmodzi yekha pagulupo, anandisenzetsa chidebe cha thobwa. Mimba inali kutsogolo, mpweya kumbuyo. Agogo ena anatidutsa akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, opanda nsapato, nandiyang'ana mwachisoni. "Pepanitu bambo," anatero. Agogo kupepesa ine!

Koma dziwelo ndi lokongola, zimenezo sindingatsutse. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe, oyera mbee, n'kudzadikha pansi atada bii chifukwa cha kuya. Mnyamata uja anafotokoza kuti makolo ankati pamalopo pankaoneka nkhalamba, ndipo kuti phiri lonselo ndi la mizimu: ukapeza chakudya chokonzedwa kale panjira, umadya wekha, osaitana mnzako. Lamulo limenelo ndinalikonda kwambiri. Kenaka anachenjeza kuti pakati pa dziwe ndi pozama, anthu anamirapo, ndiye wina asayerekeze kupita pansi pa mathithi. Chenjezo limeneli ndinalilandira ndi manja awiri, n'kulibwereza mokweza kuti mayi amve.

Sizinathandize. Ana anali atalowa kale m'mbali, kuwazana madzi. "Abambo, aonetseni ana mmene amachitira," anatero mayi, atakonzeka kale ndi foni.

Ndinayamba ndi kunena kuti ndangodya kumene. Anandikumbutsa kuti mpunga sunatsegulidwe. Ndinati tiyenera kulemekeza eni malo, mizimu siifuna phokoso. Amayi a kumpingo anandiyang'ana modabwa, poti ndine yemwe ndimatsogolera pemphero Lachitatu. Ndinavula malaya pang'onopang'ono, batani limodzilimodzi, kudikira kuti mwina mvula ibwera. Kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe.

Ndinaviika chala cha kuphazi. Madzi ochokera pamwamba pa phiri la Mulanje sadziwa kuti kunja kuli dzuwa. Amazizira ngati botolo la Fanta lomwe laiwalika mufiriji ya pagolosale. Ndikuganiza zobweza phazi, ndere za pamwala zinandithandiza kupanga chiganizo. Phuvu!

Zomwe zinachitika pansipo ndi nkhani ya ine ndi Mulungu wanga. Ndinaitana amayi anga ondibereka. Ndinakhululukira onse amene ali nane ngongole. Ena mwa madzi a Likhubula amapita m'mapaipi kukamwedwa ku Blantyre, ndiye gawo la anthu a ku Bangwe la tsiku limenelo ndinamweratu ine, popanda bilu. Ndili mkati mophiriphitha, ndinamva kamawu pafupi ndi khutu langa.

"Amalume, ingoimirirani."

Kanali kamtsikana ka sitandade 3. Ndinaimirira. Madzi analekeza m'chiuno.

Masana onse ndinapatsidwa udindo wolondera mafoni, nsapato ndi chinanazi, nditafunda chitenje cha amayi a kumpingo, mano akugundana. Ndinauza aliyense wodutsa kuti madzi a m'phiri ndi osiyana ndi amene ndinazolowera, ngolemera.

Pobwerera m'basi, mayi anaimirira n'kulengeza kuti amva dandaulo langa. Ulendo wotsatira ndi wa ku Senga Bay ku Salima, komwe madzi ndi ofunda. Onse anaomba m'manja. Ngati alipo amene akufuna munthu womuperekeza ku chinkhoswe Loweruka limenelo, kulikonse, ngakhale ku Chitipa, andipeze msanga.