Ukwati wa Padamu Wakana Kuzizira

Papita masabata atatu chichitikireni, koma pa Chadiza nkhani ya ukwati wa padamu yakana kuzizira. Kuchigayo ndi yomweyo. Pabenchi ya wometa tsitsi ndi yomweyo. Ngakhale anyamata a njinga zamoto pamsika, amene masiku onse amatha mawu pokangana za mpira wa ku England, ayamba aika Arsenal pambali. Ndinene msanga kuti ine sindinalandire kadi ndipo sindinapiteko. Zikuoneka kuti pa boma ponse pano ndine ndekha amene ndinakhala pakhomo chifukwa chosowa kadi.

Mkwatibwi ndi mwana wa konkuno koma amagwira ntchito ku Lusaka. Mkwati ndi Mbemba wa ku Luapula, cha ku Samfya. Za kutchalitchi zinayenda monga mwa masiku onse, palibe akuzikumbanso. Chimene chatekesa anthu n'chakuti atatuluka m'tchalitchi sanapite kuholo, kapena pabwalo la sukulu, kapena pakhomo pa amake mkwatibwi monga timachitira. Makanta ndi maminibasi anakhotera kudamu. Akuti mtsikanayo anaona pa Facebook maukwati a ku Siavonga ndi a ku Mangochi: mipando yovekedwa nsalu zoyera, maluwa, kumbuyo madzi mpaka polekezera maso. Ndiye anati nayenso wake ukhale wa m'mbali mwa madzi. Ife nyanja tilibe. Chimene tili nacho ndi madamu omwera ng'ombe.

Mbiri itangoyamba kumveka, ena anamva kuti madyerero akakhala padamu la Nsadzu. Mdala wina amene anapuma ntchito ya uphunzitsi anazungulira msika tsiku lonse akufunsa aliyense: "Nanga mbale za mafuta a nkhuku akatsukira kuti? Mawa lake tidzamwa msuzi m'mipopi?" Mtima unakhala pansi atamva kuti ndi kadamu kena ka kumudzi, kutali ndithu ndi boma. Komabe akuti mpaka lero akatunga madzi amayamba wanunkhiza.

Nkhani yaikulu ndi ya makadi. Komiti ya ukwati inali ya ku Lusaka, yokumana pa WhatsApp, ndipo inasindikiza makadi okongola olembedwa kuti kadi imodzi ndi ya anthu awiri, ana ayi. Kuholo zimenezi zimatheka. Khomo ndi limodzi, muimikapo anyamata awiri a zifuwa, basi. Atsibweni a mkwatibwi, amene kwa ife Achewa ndiwo eni mbumba, akuti anamvetsera ndondomeko yonse osadula mawu, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Ana inu, khomo la damu lili mbali iti?" Palibe anawayankha. Tsikulo anamanga kachipata ka maluwa pakati pa dambo, anyamata awiri a masuti n'kuimapo ndi mndandanda wa maina. A makadi anadutsa pachipatapo mwaulemu, mmodzimmodzi, akutchula maina awo. Ena onse anachilambalala, awa kumanja awa kumanzere.

Ndipo anabweradi. Kwathu kuno ukwati suitanira munthu. Utsi wa pamafuwa ndi nthungululu ndiyo kadi. A kwa Mlolo anafika, a kwa Zingalume anafika, a kwa Mwangala anabwera pangolo. Abale a ku Vubwi, amene chiwapatsireni boma lawolawo mu 2012 amayenda ngati alendo ochokera kutsidya la nyanja, anafika ndi mbuzi. Ena anadzera pa Chanida kuchokera ku Mozambique, Chichewa chawo n'chathu chomwechi, atanyamula mabotolo a mowa wa 2M amene sanafike n'komwe patebulo la mphatso. Kuonjezera apo panali eni malo: abusa a ng'ombe, anyamata a mbedza, ndi amayi amene Loweruka lililonse amachapa pomwepo. Amayiwa akuti anapemphedwa kuti asunthe pang'ono chifukwa zitenje zawo zoyanika zikulowa m'zithunzi. Anasunthadi, koma analowera kumene kunali mapoto.

Tsono nsapato. Mwezi wa Okutobala damu limaphwa, madzi amathawira pakati, m'mbali n'kutsala dothi looneka louma pamwamba pomwe pansi pake ndi phala. Mwana aliyense woweta ng'ombe amadziwa zimenezi. Atsikana a lainapu ochokera ku Lusaka sanadziwe. Akuti anatha miyezi iwiri akuphunzira masitepe pasimenti, ndipo anabwera atavala nsapato za zidendene zosongoka ngati misomali. Nyimbo itayamba, sitepe yoyamba inayenda, yachiwiri inayenda, yachitatu mtsikana wa kutsogolo anapita koma nsapato inatsala. Apa mboni zimasiyana. Wometa tsitsi akuti anagwa atatu. Mkazi wake, amene analipodi, akuti sanagwe ndi mmodzi yemwe, anangovula onse n'kuvina opanda nsapato, ndipo m'pamene gule anayamba kukoma. Agogo ena anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno n'kuwalowerera, ndipo masitepe a ku Lusaka anathera m'chimtali.

Za kamvuluvulu amene ananyamula tenti ya akuluakulu sindichulukitsa, poti aliyense akuikamba mosiyana. Ena akuti inagwera m'madzi, ena akuti inangotembenuka. Mayi wina wogulitsa tomato akuti kamvuluvuluyo anatumidwa ndi chibwenzi chakale cha mkwatibwi, ndipo dzina lake akulidziwa, koma amalitchula kwa okhawo ogula tomato wa K20.

Cha m'ma 15 koloko, abambo a mkwati ali pakati pa mawu othokoza, ng'ombe zinafika kudzamwa. Ndi nthawi yake ya masiku onse, ndipo palibe anazitumizira uthenga. Zinatsika mumzere, yamphongo patsogolo, zinaima kaye kuyang'ana mipando yoyera, kenaka zinadutsa pachipata cha maluwa chija. Anyamata a masuti anapatuka. Pamsika akuti tsiku lonse ndi ng'ombe zokha, mwa osaitanidwa onse, zimene zinalowera pakhomo loyenera. Mbusa wake, kamnyamata kosafika zaka khumi, anapatsidwa mwendo wa nkhuku kuti azithamangitse, ndipo akuti posakhalitsa kunatulukira gulu lina la ng'ombe ndi mbusa wina.

Koma chimene chinakometsa tsikulo, malinga ndi onse amene ndacheza nawo, ndi chimbuya. Amene si a ku Zambia mwina sadziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba ndife asuweni oseleulana: pamaliro, paukwati, paliponse, Mbemba akhoza kukutukwana pamaso pa anthu iwe n'kumangoseka, podziwa kuti nawe ubweza. Azakhali a mkwati atangotsika m'basi anayang'ana damu, anayang'ananso, n'kufunsa kuti nyanja imene analonjezedwa ili kuti, chifukwa chimene akuona ndi beseni losambitsira mwana. Kwawo ku Samfya, anatero, kuli Bangweulu, mchenga woyera, madzi osaoneka tsidya. Amayi athu sanachedwe. Anati pepani apongozi, tinaopa kukutengerani kumadzi ambiri, poti m'mbali mwake mumakhala mitengo, ndipo mukanatisiya pano kukasaka anyani. Abemba anabweza ndi nkhani ya mbewa, monga mwa chizolowezi chawo. Sanadziwe kuti aponda pamsampha. Nthawi ya chakudya, mbale yovundikira bwino inaperekedwa mogwada kwa azakhali aja, ndipo atavundukula anapeza mbewa zowamba zitandandalikidwa ngati asilikali. Anakuwa, analipiritsa, nthungululu zinamveka mpaka kumudzi. Koma pali mphekesera, ndipo ine ndikuikhulupirira, yakuti mbaleyo inabwerera kukhitchini yopanda kanthu.

Chakudya chenichenicho chinali ndi nkhondo yake. A komiti anakonza mpunga, nkhuku ndi saladi, aliyense azidzitengera yekha pamzere. Alongo ake a mayi a mkwatibwi anaona mapotowo dzulo lake, anawerenga ndi maso, osanena kanthu. M'mawa mwake kuseri kwa mitengo kunapezeka mafuwa ena, migolo iwiri ya thobwa, ndi mbuzi ya ku Vubwi ija ili kale mumphika. Mpunga unatha mzere usanafike pakati. Nsima ndiyo inapulumutsa dzina la banja, ndipo akuti ngakhale a makadi, mataye ali pakhosi, anaoneka akuzemba kupita kuseri kwa mitengo kuja.

Pofupa ndiye panaoneka zachilendo. Kale munthu unkasinthitsa K50 kukhala timapepala ta K2, n'kumaponya kamodzikamodzi uku ukuvina, anthu n'kumati ndiwe bwana. Chiyambire pa 31 Malichi 2025, pamene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, K2 ndi K5 ndi zachitsulo, ndipo pepala laling'ono ndi K10. Kuholo chitsulo chimagwa pasimenti, chimalira, ana a komiti n'kutola. Padamu chimagwa chete n'kulowa pansi. Emusi akuti anachita kupempha pasipika kuti anthu asaponye, aziika m'beseni, chifukwa mkwati wagendedwa kale kawiri pamphumi. Koma Mchewa amene wavina kuchokera kumbuyo, wafika kutsogolo, ungamuuze kuti aike ndalama mwakachetechete ngati chopereka cha kutchalitchi? Anaponyabe. A ku Lusaka ena anafunsa nambala kuti atumize pa foni, ndipo agogo ena anadabwa kuti kufupa kosaoneka ndi maso kuli ndi phindu lanji. Bambo mmodzi anatulutsa K500 yatsopano, anaikweza m'mwamba, anazungulira nayo bwalo lonse kuti aliyense aione, kenaka anapempha chenji cha K480.

Zonsezi zinadya ndalama zingati? Apa ndiye pa boma pali akatswiri. Kuchigayo amawerengera m'matumba a soya, pamsika wa nyama amawerengera ng'ombe, ndipo chiwerengero chimakwera tsiku lililonse. Ena akuti abambo a mkwatibwi anagulitsa ng'ombe ziwiri zapagoli, ena akuti zinayi, ena akuti zina mwa zimene zinadutsa pachipata zija zinabwera kudzafunsa za anzawo. Mkulu wina wa mpingo anakumbutsa anthu kuti ndi mu 2024 pamene chilala chinapsereza chimanga mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pa tsoka, magetsi n'kumazima usana ndi usiku chifukwa Kariba anaphwa, ndiye madzi si chinthu choseweretsa. Onse anavomera kuti wanena zoona. Kenaka wina anakumbutsa kuti mkuluyo anabwereza nsima katatu.

Anamkungwi nawo ali ndi dandaulo lawo, ndipo ili ndimalimvetsa. Akuti mwambo umafuna nyumba, chitseko chotseka, osati dambo loti aliyense akuona. Anachita kudikira mpaka usiku kumudzi kuti amalize ntchito yawo, akwati atatopa kale. Ankhoswe a kuchikazi anafunsanso, mwanthabwala koma osati kwenikweni, kuti popeza kwathu ndi kwa chikamwini, mkamwiniyu amanga pati nyumba yake ndipo munda wa apongozi alima liti. Anayankhidwa kuti banja likakhala ku Lusaka, panyumba ya lendi. Mmodzi anapukusa mutu nati chitengwa cha masiku ano sapempha, amangogula tikiti ya basi.

Dzuwa litapendeka kunabwera alendo omaliza. Jenereta inalira, mababu anayaka, ndipo udzudzu wonse wa m'dambomo unalandira uthenga. Walira mvula walira matope. Atsikana a madiresi opanda msana ndiwo anayamba kuthawa, kenaka a masuti, ndipo pofika 19 koloko pabwalo panatsala eni dziko okhaokha, zitenje kumapewa, akuvina ngati phwando likuyamba kumene. DJ akuti anafuna kuzimitsa, koma anauzidwa kuti mafuta a jenereta asonkherana.

Lachitatu lapitali zithunzi zinatuluka pa Facebook, ndipo foni imodzi inayenda m'manja mwa anthu msika wonse. Ndaziona nanenso. Ndinene zoona, n'zokongola. Wojambulayo anagona pansi chafufumimba, anatenga akwati, velo ikuuluka, dzuwa likulowa, madzi ali psuu kumbuyo, moti anzake a mkwatibwi a ku Lusaka akufunsa kuti loji imeneyi ili pati ndipo chipinda ndi zingati. Matope mulibe, mapoto mulibe, ife mulibe. Pachithunzi chimodzi chokha, pakona ya kumanzere, pakuoneka nsonga ya nyanga, ndipo amuna awiri pamsika atsala pang'ono kumenyana, aliyense akuti ng'ombeyo ndi yake.

Kudamu kuja akuti ana sanasiye kupitako. Akaweruka kusukulu amatsika ndi timakasu ndi malichero akale, n'kumasefa matope pamene panali bwalo. Dzulo wina anabwera pagolosale ndi ma K2 asanu ndi awiri okhala ndi dothi, ndi nsapato imodzi yagolide ya kumanzere, kufunsa ngati pali angaigule.