Chikuku, Wantchito Wamkulu wa ku Kavalamanja

Amfumu, anyakwawa, azibusa a mipingo yonse, amayi ndi abambo, ndapempha bwalo kuti ndithokoze wantchito mmodzi amene mudzi uno wamudyera masuku pamutu popanda ndi zikomo yemwe. Mbuzi ikaswa mapasa timaitama. Bwato timalipatsa dzina. Ngakhale galu akagwira kalulu timamuponyera matumbo. Koma chikuku cha mwana, chija chinabwera kuchokera ku Lusaka chitamangidwa padenga la basi, chakalamba pakati pathu popanda woimirira n'kuchinenera mawu. Ndiye ndaimirira ine.

Tonse tikudziwa kuti chikuku sagula ndi mwini mwana. Mwini mwana ali ndi zake zomusowetsa tulo: sopo, matewera, ndalama ya ulendo wa kuchipatala. Ogula ndi azakhali a ku Lusaka, aja anachoka kuno tsitsi lili bii, amene akabwera pamaliro amafunsa ngati dzuwa lathu linkawotcha chonchi kalekale. Akangomva pafoni kuti mtsikana wachira, amakwera minibasi wa ku Kamwala. Kumeneko wogulitsa amawafunsa mafunso anzeru zedi. Mukufuna cha matayala atatu kapena anayi? Chopindika? Chokhala ndi pokhazika kapu ya tiyi? Zoti kwa mwanayo kuli njira yotani, safunsa wogulitsa, sanena azakhali.

Ulendo wake ndi wa chifumu. Chimatsika ndi Great East Road mpaka pa Luangwa Bridge, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, n'kukhotera kumwera pa tala wa makilomita pafupifupi 90 kukafika pa boma la Feira, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo wa ku Mozambique ali tsidya ili, Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya linalo. Mpaka pamenepo chimayenda mwaulemu. Kuchoka pa boma kubwera kuno ndiye chimaudziwa moyo: kumbuyo kwa lole, pakati pa matumba a ufa ndi makatoni a sopo, kukwera zitunda, kutsetsereka m'makwawa, miyala ikuchigwedeza mafupa onse. Chimafika chili m'pulasitiki, fumbi lili mbuu, ndipo mudzi umasonkhana kudzachivundukula ngati mkwatibwi wochokera kutali.

Ntchito imene anachipangira chimaigwira tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo timalikumbukira. Mwana amamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuveka chipewa cha ubweya m'dzuwa la Okutobala, n'kumugoneka mkati. Malamba amamangidwa. Wachinyamata wina amajambula chithunzi choti chipite kwa azakhali netiweki ikagwira. Bambo a mwana amagwira zogwirira, chifuwa chili patsogolo, n'kukankha kuchoka pakhonde. Tayala lakutsogolo limalowa mumchenga. Amakankhanso, limakumana ndi muzu. Mwana, amene chibadwire sanagwedezedwepo motero, amatsegula kukamwa n'kudziwitsa anthu a ku Zimbabwe kuti kuno kwachitika zachilendo.

Apa ndi pamene ambuya amadzuka pamphasa. Sakalipa. Amangoti, "Amake mwana, tabweretsani kuno munthuyo. Mwana amabereka, sakankha." Amawerama, kumugwira padzanja, kumutembenuzira kumsana, chitenje chapita, mfundo pamwamba, mfundo pansi, kugwedeza chiuno kawiri. Zii. Chikuku chachotsedwa ntchito chisanalandire ndi malipiro oyamba omwe.

Wantchito wina akanakwiya n'kukhala pakona kudya dzimbiri. Ukulu wa chikuku uli apa: sichisunga mangawa. M'mawa mwake chili kale panjira ya ku mjigo.

Ndikupemphani muchione bwino chithunzi ichi, pakuti ine ndimachiona m'mawa uliwonse ndipo sichinanditopetse. Mayi akubwera kuchokera kotunga madzi. Kumsana kuli mwana, mutu wapendekera kumbali, thukuta lili kamukamu, phazi limodzi likulendewera. Kutsogolo kuli chikuku. M'chikukumo, pa katsamiro kofewa kamene azakhali anasankha okha mtundu wake, mwakhala chigubu chachikasu cha malita 20. Achimanga malamba onse, wa m'mapewa ndi wa m'chiuno, kuti chingagwe. Kadenga kotchinga dzuwa akatsitsa bwinobwino kuti madzi asatenthe. Pakadutsa dzenje mayi amachepetsa liwiro, kunyamula matayala akutsogolo mosamala, ndipo ndinamvapo wina akuchiuza chigubucho kuti pepa. Madzi amafika kunyumba ali ozizira, osatayika ndi dontho lomwe. Mwana amafika atapsa. Chiyambire dziko, palibe chigubu chinalemekezedwapo chotere, ndipo ndikayang'ana mmene chimakhalira mmenemo, khosi lili njo, ndimaona kuti chayamba kuzolowera.

Kuchoka apo ntchito sizitha. Chimanga chopita kuchigayo. Masau nthawi yake ikakwana, odzaza mpaka m'kathumba kapansi kamene anati n'koika matewera. Mitolo ya bango la mphasa, yotalika kuposa chikukucho katatu, ikukwekwereza kumbuyo. Batire lokatchajitsa. Sipika ya kwaya Lamlungu. Nsomba, zimene fungo lake lalowerera mu nsalu moti amphaka a mudzi uno amachiperekeza. Tsiku lina ndinakumana nacho chitanyamula mbuzi yothyoka mwendo, ili phee pansi pa kadenga, ikuyang'ana anthu odutsa mopanda manyazi.

Mbuziyo musaiseke, inali kubwezeredwa ngongole ya makolo ake. Mu 1733 mmisiri wa ku England, William Kent, anapangira ana a Duke wa ku Devonshire kangolo kokhalamo mwana, ndipo kanapangidwa kuti kazikokedwa ndi mbuzi kapena kahatchi kakang'ono. Ndiye kuti chikuku chinayamba mbuzi ili kutsogolo ikutuluka thukuta. Ife a ku Kavalamanja tangokonza mlanduwo: mbuzi yalowa mkati, munthu akukankha. Mu 1965 injiniya wina, Owen Maclaren, amene kale anagwirapo ntchito pa miyendo yoterera ndege yankhondo ya Spitfire, anapanga chikuku chopepuka cha aluminiyamu chopindika, chimene zidzukulu zake zadzaza m'masitolo lero. Munthuyo ankadziwa kuteretsa ndege pansi osathyoka mwendo. Njira ya kuchigayo kwathu sanaione.

Chozizwitsa chachikulu cha chikuku ndi chimene chachita pa amuna. Pali abambo ena, dzina sinditchula, koma aliyense akudziwa kuti amakhala kuseri kwa mlambe. Chikwatire sanasenzepo ndowa. Ankati kutunga madzi kumawapweteketsa khosi, ndiponso anzawo angawaone. Chibwerere chikuku, ndi iwo oyamba pa mjigo. Amati akuyendetsa. Pokhota amaimba likhweru, potsetsereka amakwera phazi limodzi pa chitsulo chakumbuyo. Zimene alangizi, azibusa ndi misonkhano ya chitukuko analephera zaka zonsezi, matayala anayi apulasitiki anazitha sabata imodzi. Mwamuna mupatseni chinthu chozungulira, adzagwira ntchito iliyonse ya mkazi wake n'kumadzitama nayo pa bawo.

Obwereka nawo ndi gulu lawolawo. "Alamu, galimoto ija ilipo?" Ikakhalapo amaitenga. Pobweza, tayala limodzi layang'ana ku Mozambique, linzake ku Zimbabwe, ndipo amakuuzani nkhope ili gwa kuti anaitenga ili chomwecho. Palibe ndi mmodzi yemwe, mwa onse amene chikukuchi chawapulumutsa msana, anaganizapo zodonthezera mafuta pa tayala. Kulira kwake kumayamba tambala asanatsike mumtengo, kwiii, kwiii, kudutsa kuseri kwa nyumba yanga ndendende pamene pali mutu wa bedi. Ndadandaula kwa anyakwawa. Koma tsiku limene chinagona kwa okonza njinga ndinadzuka dzuwa lili pamutu, mbuzi zitalowa kale m'dimba.

Tsono ena mwandifunsa, poti mudzi uno atsikana oyembekezera sasowa, kuti chikuku chabwino n'chotani ndipo munthu awononge zingati. Ndiyankha monga munthu amene waona zikuku zikubwera ndi kufa.

Mtundu wa nsalu musauyang'ane, pakatha mwezi zonse zimakhala zofiirira. Gwadani pansi m'sitolomo, wogulitsa akuoneni, mugwire tayala. Timatayala tating'ono tapulasitiki, tija timazungulira mbali zonse, n'ta pa simenti ya m'masitolo a ku Manda Hill. Mumchenga timangokumba manda ake. Matayala opopa amayenda mofewa mpaka tsiku limene akumana ndi munga wa msau, ndipo kuno minga sitiitana. Funani aakulu, a labala yolimba yopanda mpweya. Kenako werengani kapepala kolembedwa kulemera kwake. Zambiri zimati makilogalamu 15. Chigubu cha malita 20 chikadzaza ndi makilogalamu 20. Mukuona nokha kuti akatswiri a kunja sanamuyeze bwino mwana wa ku Kavalamanja. Cha salaula chimene chinalera kale ana a eni ake kutsidya kwa nyanja n'kupulumuka, nthawi zambiri chimaposa chatsopano chonyezimira chimene chitsulo chake mungachipinde ndi manja.

Za mtengo, musawerenge m'makwacha, chifukwa kwacha ya mu Lusaka ndi ya kuno sizilemera mofanana. Werengani m'mphasa. Bango limadulidwa kumadzi kumene kuli ng'ona ndi mvuu, kulisenza, kuling'amba, kuliyanika, kulisoka msana ukuwawa, kenako kudikira wogula amene adzakunenerereni mpaka mutsitse. Mukaona kuti chikuku chikudya mulu wa mphasa wofika m'chiuno, kapena chapitirira mtengo wa mbuzi imodzi, bwezani chikwama m'thumba. Yotsalayo mugule zitenje zitatu zolimba, neti ya udzudzu, ndipo ina muikulunge pakona ya nsalu kudikira usiku umene mwana adzatenthe thupi n'kufunika galimoto kapena bwato la injini. Chitenje sichiphulika tayala, chimachapika, chimakwera m'bwato, chimalowa m'munda. Ndipo pali mayeso amodzi amene sitolo iliyonse singakuchitireni. Njovu zochokera ku paki ya Lower Zambezi sizidziwa pothera pakiyo, ndipo masau zimawakonda kuposa ife. Mukakumana ndi njovu pokhota njira, mayi wobereka mwana amatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Wa chikuku ayambe kaye wamasula malamba.

Pamenepa nthabwala imandithera pang'ono. Chikuku chilibe mlandu. Anachipangira dziko limene mayi amatuluka m'nyumba n'kupeza njira yosalala mpaka kusikelo, ndipo si tchimo mayi wa kuno kulakalaka zomwezo. Msana umene umabereka mwana ndi womwewo umalima, kusenza nkhuni ndi kusinja. Mudzi uno si wosadziwika. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anauphulitsa ndi ndege chifukwa cha omenyera ufulu a ZIPRA amene anali kuno, anthu anafa, ena anathawa osabwereranso. Chaka ndi chaka mwezi wa Malichi timawakumbukira, ndipo n'koyenera. Amabwera akuluakulu, magalimoto ataliatali, matayala ofika m'chiuno mwa munthu, magalasi otseka. Amalankhula bwino, ena mpaka timawaombera m'manja ndi mtima wonse. Za njira amazitchula ndithu. Kenako fumbi lawo limatsika, mvula yotsatira imadzatenga zimene inasiya chaka chatha, ndipo mayi wodwala amakwezedwabe pa chilichonse chimene chapezeka.

Ndiye ndikupereka ganizo, amfumu, mulitengere kumene mumakafika. Chikuku chathu chikwezedwe pa udindo, chikhale choyezera misewu. Bwana aliyense wobwera kudzatiuza kuti njira yakonzedwa atsike pa boma, avule jekete, timupatse chikuku muli chigubu chosatseka pakamwa, akankhe mpaka kuno. Madzi akafika, tisaina. Akafika theka, alipidwe theka. Ndalama ya mafuta a galimoto yake tsikulo igule girizi.

Ukalamba wa chikuku nawo ndi wa ulemu. Nsalu ikang'ambika amasokerera thumba la ufa. Chogwirira chikathyoka amamangirira mtengo ndi mphira. Tsiku limene chagona osadzukanso, anyamata amagawana matayala kukaika ku magalimoto awo a mawaya, mafupa ake amasanduka poyanika mbale, ndipo mpando uja nkhuku imaikiramo mazira n'kuswa anapiye khumi. Pamapeto pake chalera ana ndithu, kungoti a nkhuku. Mwini wake weniweni, amene anagonamo tsiku limodzi lija, pano ali kusukulu, ndipo akafunsidwa amati chikuku chinali cha chigubu.

Azakhali a ku Lusaka, uthengawu ukupezeni. Musakhumudwe ndi zimene mwamvazi, mphatso yanu inagwira ntchito kuposa mphatso zonse zimene zinalowapo m'mudzi uno. Mdzukulu wanu wina ali pafupi kuchira, mwina mwezi wamawa. Tumizani china, cha matayala aakulu, muikemo zitenje ziwiri ndi kabotolo ka mafuta. Ndalama ikaperewera musavutike, wilibala tilandira.