Mbalame sidziwa kujambulitsa

Mnyamata wina wa ku Rimuka adagula kamera yokhala ndi mlomo wautali, nakagona tsiku lonse m'bango ku Claw Dam. Adabwerako ndi chithunzi cha nkhwazi itatera pa chitsa, ikuyang'ana kumbali. Adathamangira kwa agogo ake, mkulu wochokera ku Malawi amene adakalambira mu mgodi wa Cam and Motor, nthawi imene Kadoma ankatchedwa Gatooma. Iwowa kujambulitsa amakudziwa: kuima njo, jekete lomanga mabatani, wotchi ikuoneka, dzanja lili pa duwa.

"Iwe, mbalame imeneyi idaleredwa ndi ndani? Ukuijambula, iyo n'kumayang'ana kwina ngati yaona woikongoza?"

"Agogo, mbalame imakoma chonchi, mlomo uoneke. Ngakhale ya pa mbendera ija, yosema pa mwala ya ku Great Zimbabwe, chikhalireni 1980 imayang'ana kumbali."

"Imeneyo ndi ya boma. Boma siliyang'ana munthu kumaso."

*

Akatswiri amati mbalame usaiike pakatikati, uisiyire mpata kutsogolo kwa mlomo kuti ioneke ngati ili ndi kopita. Mnyamata adamvera, nakatsukitsa chithunzi cha njiwa. Azakhali ake adachitembenuza uku ndi uku.

"Walipira pepala lonseli, njiwa n'kuipanikiza pakona? Malo otsalawa ukufuna kuikamo alendi?"

*

Lamulo lina ndi lakuti diso la mbalame liwale, china chilichonse chizilale. Pa msewu wa ku Chegutu adapeza kakowa akutsatira ng'ombe. Kamera idasankha yokha chokonda. Kakowa adatuluka ngati utsi, koma kumbuyo kwa ng'ombe kudaoneka bwinobwino mpaka nkhupakupa. Mwini ng'ombe adapempha zithunzi ziwiri, china cha alangizi a ziweto.

*

Anzake ojambula adamukanira khwangwala wake ati chifukwa adatera pa waya wa magetsi, pomwe mbalame imayenera kutera pa nthambi, zioneke zachilengedwe. Ine pamenepa ndili mbali ya mnyamata. Khwangwala wa m'tauni mukamupeza pa nthambi ndiye kuti akudwala. Mnyamatayo adangoti, "Achimwene, wayayu masana onse sakhala ndi magetsi. Ingomuwerengani ngati nthambi."

*

Mbalame imodzi yokha ndiyo idachita zonse zimene agogo amafuna: kuima chilili, osagwedezeka, maso onse awiri pa kamera. Kadzidzi. Mnyamata adaika chithunzi chake mu felemu, nachipachika pabalaza usiku anthu atagona, pakati pa kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati.

M'mawa amayi ake adangokuwa kamodzi. Pofika masana kudabwera abusa, chithunzi chili kuseri kwa bafa.

Agogo adapita kukachiona komweko, atavala magalasi. "Kujambulitsa ndiye akutha," adatero, "koma umufunse kuti wamutuma ndani."