Mneni Woponya Chilichonse

Wophunzira Chisipanishi akapeza mneni wa echar mu dikishonale, mtima umakhala pansi: tanthauzo lake ndi "kuponya". Chimwemwecho chimatha tsiku lofika ku Madrid.

Kumeneko anthu amaponya chilichonse. Wothandiza mnzake amaponya dzanja, echar una mano, ndipo palibe wothamangira chikwanje. Akakhuta nkhomaliro, mkulu amaponya tulo, echar una siesta. Dalaivala amaponya petulo, echar gasolina. Wosuzumira amaponya diso, echar un ojo. Wopalamula amaponyera mnzake mlandu, echar la culpa, luso limene andale safuna nalo mphunzitsi. Bwana naye akatopa ndi wantchito amangomuponya kunja, basi ntchito yatha.

Chozunguza mutu kwambiri ndi te echo de menos, kutanthauza "ndakusowa". Mawuwo pawokha akumveka ngati wokondedwayo waponyedwa moperewera. Akatswiri a zilankhulo amati apa panalibe kuponya ayi: mawuwa anachokera ku Chipwitikizi, achar menos, "kupeza kuti china chaperewera", ndipo achar anasanduka echar. Ku Mexico ndi ku Argentina ambiri amazemba chipwirikiti chonsechi, amangoti te extraño.

Kwatsala kalembedwe. Echo wa kuponya alibe chilembo cha h, hecho wochokera ku hacer, "kuchita", ali nacho, koma awiriwa amamveka chimodzimodzi chifukwa h satchulidwa. Aphunzitsi anapeza mankhwala ake: amauza ana kuti echar anayamba waponya h wake pawindo.