Ine Ndinakuwa Kuti Ayi!

Phungu ndi kandimverere wathu. Timamutuma ku Lilongwe kuti akatimverere, akatiyankhulire, ndipo zikafika povota akavote m'malo mwathu. Koma akuluakulu anatichenjeza kale kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Sabata ino tiyeni tisekeko mmene olemekezeka athu amavotera, ndi mmene amadzafotokozera akafika kumudzi. Zaka ndi manambala muwaone m'munsimu ndi enieni. Aphungu omwe sindinawatchule mayina, ngati wina akufanana ndi wa kwanu, mlandu si wanga.

Ayi alipo awiri

M'Nyumba ya Malamulo zokambirana zimachitika m'Chingerezi. Bilu ikakambidwa mokwanira, Sipikala amauza ovomereza kuti akuwe mawu akuti "Aye", okana akuwe "No". Mbali yomwe yasokosa kwambiri ndiyo yapambana. Tsono vuto ndi lakuti "Aye" wa Azunguyu, yemwe tanthauzo lake ndi inde, amamveka ndendende ngati ayi wathu.

Phungu wina atafika kumudzi Loweruka anapeza anthu atakwiya ndi msonkho watsopano. Mayi wina wogulitsa tomato anamanga chitenje m'chiuno, naimirira.

"Olemekezeka, msonkho watiphawu inu munauvomera?"

"Ine, mayi? Kafunseni aliyense ku Lilongwe. Ndinakuwa kuti ayi mpaka mawu kusasa!"

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Zitazizira, mphunzitsi wina wopuma ntchito anakweza mkono ali kumbuyo.

"Pepani bwana, ayi wake uti? Wa kuno kapena wa ku Lilongwe?"

Phungu uja anayang'ana wotchi, nati akuchedwa kumaliro.

Buku la zoyankhula

Chilichonse choyankhulidwa m'Nyumbamo chimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard. Koma voti yokuwa ija silemba dzina la munthu: bukulo limangoti bilu yadutsa, basi.

Mnyamata wina wa kuyunivesite anaganiza zofufuza zomwe phungu wa kwawo anayankhula pa zaka zisanu. Anapatula masabata awiri, maso kufiira psuu. Dzina la phunguyo analipeza kawiri. Koyamba, olemekezeka anaimirira kudandaula kuti makina ozizitsa mpweya akuwapweteketsa mutu. Kachiwiri, anafunsa ngati alawansi ya sabata yatha yalowa.

Atakumana nawo pachigayo, mnyamata uja anafunsa mwaulemu:

"Bwana, zaka zisanu mawu awiri okha?"

"Mwana iwe, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Anzanga onse olongolola aja, ali kuti lero?"

"Nanga inuyo, bwana, chisankho chapitachi chinakuyenderani bwanji?"

"Nanenso ndinagwa. Koma ndinagwa ndisanatope."

Wovotera dzuwa

Mu 2010, mu ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, aphungu anavomereza kusintha mbendera ya dziko lino. Dzuwa lofiira lotuluka lija linachotsedwa, m'malo mwake pakati pa mbendera panabwera dzuwa loyera lathunthu, ati kusonyeza kuti Malawi watukuka, kunja kwacha kale. A Bingu anamwalira mu Epulo 2012, a Joyce Banda natenga mpando. Mu Meyi chaka chomwecho, Nyumba yomwe ija, ya aphungu osankhidwa mu 2009, inavota kuti mbendera yakale ibwerere.

Mdzukulu wa phungu wina wa nthawi imeneyo anapatsidwa ntchito kusukulu yolemba mbiri ya mbendera.

"Agogo, inu munavotera mbendera iti?"

"Zonse ziwiri."

"Ndiye kuti mfundo yanu inasintha?"

"Sinasinthe ngakhale tsiku limodzi, mdzukulu wanga. Ine ndimavotera dzuwa. Komwe latulukira, ndimakaothera komweko."

Amene anakondwa ndi mavoti onse awiri popanda kunamizira ndi telala wa pamsika. Iye anasoka kawiri.

Chikwama cha mayi a kunyumba

Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino limati phungu akachoka m'chipani chomwe chinamulowetsa m'Nyumbamo n'kulowa china, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Pa pepala ndi zomveka bwino. Koma mu 2005 a Bingu atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira kumeneko ngati ngumbi pa nyali. Mu 2007 ndi 2008 bajeti inachedwa kudutsa chifukwa otsutsa boma anakakamira kuti ayambe athana ndi gawo 65. Mu 2012 mphepo itatembenuka, ulendo unali wa ku PP.

Mkazi wa phungu wina anali ndi chikwama chapadera kuchipinda. Mkati mwake munali zitenje zinayi zopinda bwino: chachikasu, chabuluu, chalalanje ndi cha tambala wakuda. Tsiku lina akukonzekera msonkhano anafunsa:

"Bambo a kunyumba, lero ndivale chiti?"

"Mayi, musafulumire. Tiyambe tamva nkhani za 7 koloko."

Pamsonkhanopo phungu uja anayankhula mawu omwe onse amayankhula:

"Abale anga, sindinapite ku boma mwa ine ndekha ayi. Ndinu anthu a kudera kuno amene mwandituma kuti ndikagwire ntchito ndi boma, chitukuko chibwere."

Gogo wina anagogoda ndodo pansi.

"Mwana wanga, tinakutuma liti? Kapena tsiku limenelo ine ndinali kudimba?"

Tsiku lowerenga mitu

Pofuna kusintha malamulo aakulu, kukuwa sikukwanira. Pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, choncho amawerenga mitu, ndipo pobisala pamasowa. Pa 4 Julaye 2002 m'Nyumbamo munabwera bilu yochotsa malire a nthawi yomwe pulezidenti angalamulire, yomwe ikanatsegulira a Bakili Muluzi khomo loimanso. Anaibweretsa ndi a Khwauli Msiska, phungu wa AFORD. Pankafunika mavoti 128. Ovomereza anali 125, okana 59. Bilu inagwa posowa mavoti atatu okha.

Chodabwitsa n'chakuti okana aja akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Mukakhala pabawo ndi akuluakulu omwe anali aphungu nthawi imeneyo, aliyense amadziguguda pachifuwa kuti ndiye anapulumutsa demokalase. Mnzanga wina wakhala akuwawerenga. Akuti pofika Khirisimasi yathayi okana anali atakwana 190.

Pali voti ina yomwe zinthu zimayenda mosiyana. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, pofuna kutseka mpata wa maukwati a ana. Ovomereza anali 131, okana awiri. Pabawo paja simudzamva munthu akulimbirana kukhala mmodzi wa awiriwo.

Nkhani ya mphepo

Kumayambiriro kwa 2011 dziko lino linatchuka mpaka kunja chifukwa cha bilu ya makhothi a m'madera. Nduna ya zachilungamo ya nthawi imeneyo, a George Chaponda, inanena pawailesi kuti mawu a m'biluyo oletsa kuipitsa mpweya akukhudzanso kuphwisa pagulu. Mkulu wina wa zamalamulo m'boma momwemo, a Anthony Kamanga, anatsutsa, nati lamulolo likunena za kuwononga mpweya ndi zinthu monga utsi, osati za m'mimba mwa munthu.

Mkangano uli mkati, phungu wina anachititsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Inali nyengo ya nyemba zaziwisi. Mkulu wina anaimirira mosamala kwambiri.

"Olemekezeka, pa nkhani ya mphepo ija, inu muli mbali iti?"

"Bambo, imeneyo ndi nkhani yaikulu. Ndikudikira kuti chipani chinene maganizo ake."

"Chinena liti?"

"Mwina mwezi wamawa."

"Nanga pakadali pano tizingogwira?"

Anyakwawa anatseka msonkhano msangamsanga, nati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mbuzi ndi chingwe

Malamulo aakulu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakugwira ntchito. Mu 1995 aphungu analichotsa gawolo. Kuchokera nthawi imeneyo mabungwe akhala akupempha kuti libwerere, koma oti alibwezeretse ndi omwewo oti likawaluma.

Mwana wina anafunsa bambo ake chifukwa chake zinatero.

"Pita kukhola," anatero bambowo, "ukafunse mbuzi ngati zikufuna chingwe. Zovomereza zikuwe."

Mwana uja anabwerako posachedwa.

"Zonse zangoti mee."

"Ameneyo ndiye ayi wa kuno."

Phungu wokhulupirika

Tisangoseka aphungu okha. Panali wina amene ankawerenga bilu iliyonse mpaka tsamba lomaliza. Nthawi ya kampeni anafika pabwalo la sukulu ndi kope m'manja.

"Abale anga, ndabwera kudzapereka lipoti. Mu 2016 ndinavomereza lamulo lokupatsani ufulu wopeza nkhani za m'boma. Pa bajeti ndinafunsa za mankhwala a pachipatala chathu katatu."

Anthu anangoti zii. Kenaka mnyamata wa kabaza anakuwa:

"Zamveka, bwana! Nanga ya sopo?"

"Ya sopo palibe. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, ndipo ine ndinalivomereza."

"Aaa, ndiye ndinu amene munatiphera ya sopo?"

Sabata yotsatira kunabwera wopikisana naye. Za bilu sanatchuleko ngakhale imodzi. Analonjeza lole yonyamula maliro ndi bokosi kwa aliyense womwalira m'deramo. Gogo wina anamuvinira mpaka mpango kugwa.

"Uyu ndiye wathu! Uja amafuna kutipatsa mankhwala, koma uyu watiganizira mpaka kumanda."

Wa kope uja anapeza mavoti a abale ake okha, ndipo akuti mlamu wake mmodzi akumukayikirabe.

Kwa inu owerenga

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinali cha mipando 229 ya aphungu, kuchoka pa 193. Akandimverere achuluka, ndipo onse amalipidwa ndi msonkho wa mayi wa tomato uja. Phungu wanu akadzabwera, bokosi mupemphe ngati mwafuna, mjigo ndi mlatho mufunsenso. Koma musamulole kukwera galimoto musanamufunse kuti pa bajeti anati chiyani, ndipo pa bilu yakutiyakuti anavota bwanji. Akadzati anakuwa kuti ayi, musafulumire kuimba nthungululu. Yambani mwafunsa kuti ayi wake uti.