Ndinapita Kukagula Buku, Ndinabwerako ndi Chipewa

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, bambo ake amasintha ndi kayendedwe komwe. Ine ndinayamba kuvala jekete ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, ndipo tsiku lomuperekeza mtsikana wanga ndinalengeza m'minibasi kuti mabuku ake ndigula ndekha, atsopano, onunkhira fakitale.

M'sitolo ya mabuku ya pasukulupo anthu amalankhula monong'ona. Chifukwa chake ndinachidziwa nditatembenuza buku la Biology lija la Campbell, chimbuku chofuna manja awiri. Ndinawerenga maziro a pamtengo, ndinavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwerenganso. Maziro aja osachepa ngakhale limodzi.

"Achimwene, mtengowu ndi wa shelefu yonse?"

"Ayi bambo, ndi wa limodzi. Amachokera kunja awa, timaoda ndi madola."

Sananame mnyamatayo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinkalira mafuta ophikira ndi sopo, osadziwa kuti nawo mabuku akukwera mwakachetechete m'mashelefu. Komanso osindikiza a ku America ali ndi kachenjerero kawo. Pakangopita zaka zochepa amatulutsa buku lomwelo ndi chikuto china, mitu ataisuntha, basi lomwe anasiya msuweni wanu lasanduka lachikale. Chikhalirecho chule wa m'bukumo miyendo yake ikadali inayi.

Ndinayesa kunenerera monga timachitira pa kaunjika ku Limbe. Mnyamata uja anangotembenuzira kompyuta kwa ine, akuti ndikambirane nayo.

Apa mwana anandikoka jekete. "Adadi, tiyeni tizipita. Bukuli anzathu atumiza kale pa gulu la WhatsApp. Mungondigulira bandulo."

Foni yomwe ija ndakhala ndikuitukwana chiyambire ali Fomu 1, ndikumati ndi mdani wa sukulu.

Koma bambo wovala jekete sangatuluke chimanjamanja mlonda wapakhomo akuona. Ndinagula cholembera, kope limodzi ndi chipewa cholembedwa dzina la yunivesite, ndipo lisiti ndinalipinda bwinobwino kuti amayi ake akaone kuti sindinapite kukayenda chabe.

Chipewacho ndimavala ndine. Pabawo tsopano akunditchula kuti Profesa, ndipo ena ayamba kundibweretsera makalata a Chingerezi ochokera kubanki kuti ndiwamasulire. Ndimawauza kuti abwere mwana akatsekera.